Tsitsi lafewa koma likungoduka: kodi chinyezi chingapitirire muyeso?

Nyenyezi4C:

Moni nonse muno. Ndithandizeni nzeru inu odziwa za tsitsi, chifukwa pano mutu waima.

Tsitsi langa ndi lachilengedwe, la mtundu wopotana kwambiri umene amautcha 4C, lotalika pafupifupi masentimita 15 ndikalikoka. Silinathiridwepo relaxer (mankhwala owongola tsitsi), koma nsonga zake ndinapaka utoto wofiirira miyezi isanu yapitayo. M'mawa ndi madzulo ndimapopera madzi osakaniza ndi glycerin, kenako leave-in (khondishina wosatsukuluza), kenako mafuta a castor, pamwamba pake shea butter. Masiku anayi pa sabata ndimagona nditavala kapu ya pulasitiki. Loweruka lililonse madzulo ndimapaka deep conditioner (khondishina wamphamvu wofewetsa tsitsi) n'kugona naye, kutsukuluza Lamlungu m'mawa. Shampu ndinasiya chifukwa amati amaumitsa tsitsi. Ndimangotsuka ndi khondishina basi.

Kufewa lafewa ndithu, ngati thonje lonyowa. Koma ma twist sakugwira, akumasuka okha tsiku lomwelo. Ndikapesa, pa thawulo pamatsala titsitsi tatifupitifupi tambirimbiri. Likanyowa ndikalikoka limangotanuka ngati chingamu kenako n'kuduka. M'mutu mwayambanso kuyabwa ndipo mukumveka kafungo kena.

Paliponse amatiuza kuti tsitsi la ife anthu akuda limafuna chinyezi chambiri. Kodi chinyezicho chingapitirire muyeso? Ngati ndi choncho, ndisiye chiyani, ndichepetse chiyani, ndipo lawonongekali lingabwererenso?


MayiWaSaluni:

Achemwali, inde chimapitirira, ndipo zonse mwafotokozazi zikuloza komweko. Koma musanagule chilichonse, siyanitsani mavuto atatu amene anthu amawasokoneza, chifukwa onse amathera pa tsitsi loduka pamene njira zowathetsera n'zosiyana.

Tsitsi louma limakhakhala m'manja, limachita phokoso mukaligwira, ndipo mukalikoka limathyoka msanga osatanuka n'komwe. Tsitsi limene zodzola zaunjikana limalemera, limananda, silinyezimira, madzi amangoterereka pamwamba osalowa, ndipo mukakanda m'mutu zikhadabo zimatuluka ndi litsiro loyererera. Lachitatu ndi tsitsi lokhuta madzi: lofewa mopanda mphamvu, losasunga mapotedwe ake, lochedwa kuuma, lotanuka osabwerera. Inuyo zikuoneka kuti muli ndi lachiwiri ndi lachitatu limodzi.

Yesani chonchi. Mukatsuka tsitsi, musanadzole kanthu, tolani titsitsi khumi tothothoka tokha, osati tozula. Tengani kamodzi, kanyowetseni, kagwireni ndi manja onse awiri zala zitatalikirana masentimita asanu. Choyamba kawongoleni mpaka mapotedwe athe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kuwongoka kwa tsitsi lopotana si kutanuka. Kutanuka kumayamba kakawongoka. Ndiye kokani pang'onopang'ono. Katsitsi kabwino kamatanuka pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake, ndipo mukakasiya kamabwerera n'kupotananso. Kokhuta madzi kamangopitabe, kamaonda pakati, kamaduka mwakachetechete, ndipo zidutswa zake zimakhala zolefuka. Yesani chakumizu padera, chakunsonga padera. Ndikukhulupirira mupeza kuti chakumizu kuli bwino, vuto lili kumene kunafika utoto.

Chifukwa chake ndi ichi. Katsitsi kalikonse kali ndi mamba kunja, osanjikizana ngati a nsomba, ndipo mkati mwake muli ulusi wa keratin umene umapatsa tsitsi mphamvu. Ulusiwo wagwirana m'njira zingapo. Kugwirana kwina n'kolimba, kwa sulfur, ndipo madzi sakumasula. Kumamasulidwa ndi mankhwala monga relaxer, bleach ndi peroxide wa mu utoto. Kwina n'kofooka, kwa hydrogen, ndipo kumamasuka tsitsi likangonyowa n'kudzagwirananso likauma. N'chifukwa chake tsitsi lolukidwa lili lonyowa limasunga maonekedwe a malukidwewo likauma. N'chifukwa chakenso tsitsi lonyowa limakhala lofooka kuposa louma.

Tsitsi lotota limamwa madzi okwana pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake. Limafufuma m'mimba mwake ndi pafupifupi 15 peresenti, pamene m'litali limangowonjezera pang'ono zedi. Mkati mukafufuma, mamba akunja amakankhidwa n'kutukuka. Likauma limaphwa, mamba n'kugonanso. Kufufuma ndi kuphwa kobwerezabwereza, kuphatikiza kukhuzana ndi pilo, zala ndi chipeso mamba ali chitukukire, ndi kumene kumabenthula mambawo. Pachingerezi vutoli amalitcha hygral fatigue. Tsitsi losakhudzidwa ndi mankhwala lili ndi kamafuta kopyapyala kokuta mamba, kotchedwa 18-MEA, kamene kamachedwetsa madzi kulowa. Utoto wokhala ndi peroxide umachotsa kamafutaka ndipo sikameranso. Ndiye nsonga zanuzo zikumwa madzi msanga ndiponso ambiri kuposa tsitsi lakumizu. Onjezani kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, nthawi zambiri kuchepera apo kwa tsitsi lathuli, kutanthauza kuti nsonga za masentimita 15 zakhala zikupesedwa kopitirira chaka.

Tsopano tiwerenge maola. Kugona ndi deep conditioner ndi maola 12. Masiku anayi a pulasitiki, maola 8 usiku uliwonse, ndi 32. Pamodzi ndi maola 44 pa sabata tsitsi lili lotota, tisanawerengere kupopera kwa kawiri patsiku. Castor ndi shea butter pamwamba zikutsekera madziwo kuti asatuluke. Tsitsi lanu silikupatsidwa mpata wouma n'kugwirananso.

Malangizo akuti tsitsi lathu limafuna chinyezi sanachokere pachabe. Tsitsi lopotana kwambiri ndi lophwatalala, si lobulungira, ndipo pamene lakhota m'pamene limathyokera. Mafuta achibadwa a m'mutu amavutikanso kutsetsereka m'mapotedwemo kukafika kunsonga. Koma chimene tsitsi lotere limasowa kwenikweni ndi kuterera, kuti lisakolane n'kuthyoka popesa. Kukhala lonyowa usana ndi usiku ndi nkhani ina.

Kuyambira lero pulasitiki ya usiku ithe, kugona ndi deep conditioner kuthe, kupopera kuime kwa sabata yathunthu. Kenako tsukani ndi shampu weniweni wochotsa zounjikana, amene pa botolo amalemba kuti clarifying. Gawani tsitsi zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse muchipote momasuka. Nyowetsani ndi madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi ziwiri. Shampu apite pakhungu la m'mutu, mutikite ndi nsonga za zala osati zikhadabo, thovu lizitsika lokha ndi tsitsi. Musaunjike tsitsi pamwamba pamutu n'kumalifikisa ngati mukuchapa nsalu. Mfundo zimabadwira pamenepo. Ulendo woyamba thovu likhala lochepa chifukwa mafuta achuluka. Tsukuluzani, bwerezani kachiwiri. Kachitatu ayi.


Nyenyezi4C:

Zikomo kwambiri mayi, maola 44 aja andidzidzimutsa. Ndayesa titsitsi tija monga mwanenera: chakumizu tikubwerera, koma chakunsonga zisanu ndi ziwiri mwa khumi zaduka zitatanuka kwambiri. Ndamva ena akuti ndipake mazira kapena madzi a mpunga kuti ndibwezeretse mapuloteni. Zimenezi zili bwanji? Nanga deep conditioner ndimusiyiretu?


Kachere:

Asisi, musamusiye, ingomuchepetserani nthawi. Zinthu zimene zimagwira ntchito mu khondishina, monga behentrimonium chloride, behentrimonium methosulfate ndi cetrimonium chloride, zimakakamira pamwamba pa tsitsi makamaka pamene lawonongeka, ndipo malo okakamirapo akadzaza, adzaza. Zambiri zimachitika m'mphindi 20 mpaka 30 zoyambirira. Maola otsatirawo tsitsi limangokhala m'madzi. Tsatani nthawi yolembedwa pa botolo. Ngati sanalembe, mphindi 20 mutavala kapu ya pulasitiki ndi thawulo lofunda pamwamba zakwana. Pulasitiki payokha si mdani. Mdani ndi utali wa nthawi.

Za mazira: mapuloteni a dzira ndi akuluakulu kwambiri moti sangalowe m'ming'alu ya mamba, ambiri amangopita ndi madzi potsukuluza. Kuterera kumene anthu amamva kumachokera ku mafuta a m'gawo lachikasu la dzira. Madzi a mpunga nawo ambiri mwa iwo ndi sitachi, amene amakuta tsitsi n'kuliumitsa gwa kwa kanthawi, munthu n'kumayesa lalimba. Pa tsitsi limene zodzola zaunjikana kale, mukungowonjezera china pamwamba.

Chimene mukufuna ndi mapuloteni ophwanyidwa kukhala tizidutswa tating'ono. Tembenuzani botolo, werengani mndandanda wa zosakaniza, fufuzani mawu oti hydrolyzed: hydrolyzed keratin, hydrolyzed wheat protein, hydrolyzed silk, hydrolyzed collagen. Mndandandawo umayamba ndi chimene chachuluka n'kumatsika, ndiye ngati mapuloteniwo ali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi zonunkhiritsa, ndi ochepa moti musawadalire. Akhale m'chigawo choyamba cha mndandanda.

Alipo amitundu iwiri. Opepuka amaoneka ngati khondishina wamba, amakhala mphindi 5 mpaka 15, tsitsi limakhalabe lofewa. Amphamvu ndi amadzimadzi, amaumitsidwa ndi draya mpaka tsitsi lichite gwa ngati waya. Amphamvuwa ndi a tsitsi lowonongeka kwambiri ndi bleach kapena relaxer, sabwerezedwa pasanathe masabata 6 mpaka 8, ndipo tsitsi likauma nawo silipesedwa, silipindidwa, siligwidwa n'komwe mpaka madzi alifewetse, apo ayi limathyoka ngati udzu wouma. Kwa inu yambani ndi opepuka, ndipo muwapake theka lakunsonga lokha. Kumizu kulibe vuto, musakupatse mankhwala a matenda amene kulibe.

Amene akufuna kupanga okha, gelatin wopanda shuga ndi zokometsera ndiye amayandikira, chifukwa ndi collagen wophwanyidwa kale pang'ono. Supuni yaikulu imodzi mu mamililita 100 a madzi otentha, takasani mpaka asungunuke, dikirani afike pofunda, sakanizani ndi masupuni awiri a khondishina. Mphindi 10, tsukuluzani bwinobwino ndi madzi ofunda. Mukamusiya auume m'mutu mudzalimbana naye.

Mukachotsa mapuloteni, pakani khondishina wofewetsa kwa mphindi 5 mpaka 10, ndipo kupesa kuchitike pamenepo, ndi zala poyamba, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera kumizu.

Chinthu china chothandiza kwambiri ndi mafuta a kokonati musanatsuke. Kafukufuku wa Rele ndi Mohile wa mu 2003 anayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi mineral oil, ndipo a kokonati okha ndi amene anachepetsa kutayika kwa mapuloteni a tsitsi potsuka. Chifukwa chake ndi lauric acid, amene ndi waung'ono ndi wowongoka moti amalowa mkati mwa tsitsi. Mafuta akakhala mkati, madzi olowa amachepa, kufufuma kumachepanso. Pakani supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa tsitsi louma, makamaka kunsonga, ola limodzi kapena kuposerapo musanatsuke. Apa mutha kugona nawo, chifukwa mafutawa alibe madzi, koma asakhudze khungu la m'mutu, ndipo popanda pulasitiki. Dziwani kuti mafutawa amaundana kukazizira kutsika madigiri 24, ndiye ngati muwasiya m'tsitsi nyengo yozizira limamveka louma gwa. Ndi abwino otsukira kuposa odzola tsiku lililonse.

Glycerin naye muchepetse. Ntchito yake ndi kukoka madzi. Kunja kukakhala chinyezi chambiri amakoka madzi a mumpweya kulowetsa m'tsitsi tsiku lonse, tsitsi n'kufufuma, ma twist n'kumasuka. Ngati mukusakaniza nokha, gawo limodzi la glycerin ku magawo 10 a madzi ndiye malire, ndipo nyengo yamvula musiyeni. Uchi ndi aloe vera zili m'gulu lomwelo, choncho leave-in wokhala ndi zonse zitatu pamwamba pa sipuleyi ya glycerin ndi katundu wochuluka. Madzi osakaniza kunyumba alibe mankhwala oletsa tizilombo. Pangani ochepa, sungani mu fuliji, tayani pakatha masiku atatu kapena anayi, tsukani botolo.

Sabata yanu ikhale motere kwa mwezi umodzi. Tsiku lotsuka likhale limodzi: kokonati, shampu, mapuloteni opepuka kunsonga, khondishina. Shampu wa clarifying ndi wa sabata yoyamba yokha. Masabata enawo gwiritsani shampu wofatsa. Mapuloteni sabata yoyamba ndi yachitatu, deep conditioner wa mphindi 20 sabata yachiwiri ndi yachinayi. Mukatsukuluza finyani madzi ndi malaya akale a thonje, osakhuza. Leave-in wochuluka ngati nsonga ya chala pa chigawo chilichonse, ndi chotsekera chimodzi chokha, mafuta kapena shea butter, osati zonse. Potani, lisiyeni liume kotheratu. Pakati pa sabata musadzole chifukwa choti tsiku lafika. Gwirani tsitsi kaye. Likakhakhala, poperani kawiri kapena katatu pa chigawo, kungoti lizizire m'manja, osati lidonthe. Kwa ambiri izi zimachitika kamodzi kapena kawiri pa sabata.

Funso lanu lomaliza lija, loti lingabwererenso: tsitsi limene latuluka m'khungu ndi lakufa, silipola ngati bala. Kulefuka kobwera ndi madzi kumatha likauma bwino, ndipo kusintha mukuona pakatha kutsuka kuwiri kapena kutatu. Koma mamba amene abenthuka abenthuka. Mapuloteni ndi chigamba, amachoka pang'onopang'ono ndi kutsuka. Nsonga zogawanika, zoonekera kuwala mukaziyang'anitsa, ziyepuleni ndi sizasi yakuthwa yosadulira china chilichonse, theka la sentimita mpaka sentimita imodzi pa miyezi iwiri iliyonse, mpaka gawo lautoto lithe. Sizasi yobuntha imaphwanya nsonga n'kuyambitsa kugawanika kwina.


Nthambi_ya_Mkuyu:

Anzangawa alongosola bwino za tsitsi, ine ndigwire za kuyabwa ndi kafungo, chifukwa mwana wanga, pamenepo m'pamene ndikuda napo nkhawa kuposa nsongazo. Nsonga zimadulidwa. Khungu ndiye munda.

Pakhungu la m'mutu la munthu aliyense pamakhala yisiti yotchedwa Malassezia. Imadya mafuta, ndipo imakonda malo ofunda, onyowa, opanda mpweya. Kapu ya pulasitiki usiku wonse, mafuta pamwamba, shampu palibe: mwaimangira nyumba n'kuiphikiranso. Ikachuluka khungu limayabwa, limasupuka timamba, ndiye mfundu imeneyo, ndipo ikakula imakhala matenda otchedwa seborrheic dermatitis, a timamba tamafuta toyererera kapena tachikasu, nthawi zina mpaka m'mphepete mwa nkhope, m'nsidze ndi kuseri kwa makutu. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. M'malo mwake pamatha kuoneka timadontho totuwa m'malire a tsitsi. Cholakwika chimene ambiri amachita n'choti akaona timambato amati khungu lauma, n'kuwonjezera mafuta. Mafuta monga a olive ndi chakudya cha yisitiyo. Kuyabwa kumakula, iwo n'kuwonjezeranso.

Khondishina satsuka khungu mokwanira. Bungwe la madokotala a khungu la American Academy of Dermatology limalangiza kuti tsitsi la anthu akuda lizitsukidwa kamodzi pa sabata kapena kamodzi pa masabata awiri, ndipo cholinga chake ndi kuchotsa zodzola zounjikana. Co-wash, kapena kuti kutsuka ndi khondishina yekha, ikhale yapakati, mwachitsanzo mutatuluka thukuta kwambiri, isalowe m'malo mwa shampu.

Mukatsuka kawiri monga anenera mayi aja koma kuyabwa osatha, pezani shampu wokhala ndi ketoconazole, selenium sulfide kapena zinc pyrithione. Ameneyu ndi mankhwala a khungu, si wa tsitsi. Gawani mizere, pakani pakhungu penipeni, dikirani mphindi 3 mpaka 5, tsukuluzani. Amaumitsa tsitsi, ndiye nsonga zikhale zitatetezedwa ndi kokonati uja, ndipo khondishina atsatire. Pa botolo kawirikawiri amalemba kawiri pa sabata kwa masabata awiri mpaka anayi. Zikapitirira pamenepo, kapena mukaona zilonda, mafinya, malo ozungulira othothoka tsitsi, kapena pakati pamutu pakupweteka ndipo tsitsi likupyapyala, pitani kwa dokotala wa khungu msanga. Kupyapyala kwa pakati pamutu kumene kumafalikira m'mbali kumapezeka kwambiri mwa amayi akuda, kumasiya zipsera mkati mwa khungu, ndipo pamene pachita chipsera tsitsi silimeranso. Kwa ana, malo ozungulira oterowo nthawi zambiri ndi chipere, ndipo chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa. Odzola okha sachiza.

Oluka ndi a madiredi amvenso. Tsitsi lolukidwa, makamaka lophatikiza ndi logula, limasunga madzi mkati kunja kukuoneka kouma. Madiredi akuluakulu amatha kutenga tsiku lonse. Mukamanga kapena kuvala wigi mkati muli monyowa, mumachita chuku, ndipo fungo la chuku m'madiredi ndi lovuta kuchotsa. Tsukani m'mawa, finyani ndi thawulo louma kangapo, khalani mu draya wofunda pang'ono mpaka pakati paume. Pansi pa wigi, mizere iume kaye. Ndipo amene amapopera malukidwe tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, pomasula amapeza kamtanda ka zodzola ndi litsiro pamene malukidwe ayambira. Tsitsi limadukira pamenepo. Kawiri pa sabata, madzi opepuka, n'zokwanira.


Mvula_ya_Mawa:

Ndigwirizane nazo zambiri, koma ndiikepo chenjezo, chifukwa pamene nkhani ngati iyi yawerengedwa, mawa anthu makumi awiri ayamba kuthawa madzi n'kumapaka mapuloteni sabata iliyonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Choyamba, tsitsi lopotana kwambiri limapesedwa bwino lili lonyowa ndi khondishina. Inde lonyowa ndi lofooka, koma mapotedwe amamasuka, chipeso chimadutsa osakoka mwamphamvu, ndipo loduka limachepa kusiyana n'kulipesa louma. Ndiye musamve kuti madzi ndi oipa. Ola limodzi la tsiku lotsuka silofanana ndi maola 44.

Chachiwiri, vuto la achemwaliwa lakula chifukwa cha utoto. Tsitsi losakhudzidwa ndi mankhwala kapena moto, la mamba ogona bwino, limapirira kunyowa kwambiri, ndipo mwini wake akamadandaula kuti lalemera ndi kulefuka, kambiri kamakhala kuunjikana kwa zodzola basi. Shampu yekha amathetsa. Mukalipatsa mapuloteni amphamvu limauma gwa, limakhakhala, limathyoka osatanuka, mwini wake n'kuthamangiranso ku deep conditioner wa usiku wonse. Kuzungulira kumeneku n'kumene kumamaliza tsitsi. Ngati mwapitiriza mapuloteni, asiyeni, tsukani, khondishina wopanda mapuloteni mphindi 20, ndipo pakatha kutsuka kuwiri likhala litabwerera. A relaxer ndi a bleach ndi amene ayenera kusamala kwambiri za kukhalitsa m'madzi, chifukwa kugwirana kwa sulfur kuja kwachepa kale, ndipo tsitsi lawo likanyowa latsala ndi pogwirira pochepa.

Kuyesa kuja koponya katsitsi m'tambula ya madzi kuti muone ngati kamira kapena kayandama, kusakunamizeni. Katsitsi kamafuta kamayandama ngakhale kawonongeke bwanji. Yang'anani m'malo mwake mmene tsitsi loyera limanyowera ndi mmene limaumira: lonyowa nthawi yomweyo ngati siponji ndiye lotseguka mamba.

Komanso siyanitsani loduka ndi lothothoka. Munthu amataya titsitsi 50 mpaka 100 patsiku mwachibadwa, ndipo m'tsitsi lopotana timakodwa mkati mpaka tsiku lopesa, ndiye timaoneka tambiri. Kothothoka kamakhala katali, kali ndi kamutu koyera kumuzu. Koduka n'kakafupi, kopanda kamutu. Werengani tatifupito pa thawulo loyera sabata iliyonse. Ndi njira yabwino yodziwira ngati zikuyenda kuposa kumva kufewa m'manja.

Pomaliza, akaliumitsa ndi moto asaike chitsulo chowongolera pa tsitsi lachinyezi. Madzi a mkati amawira, amapanga timatuza mkati mwa katsitsi, ndipo pamenepo pamathyoka. Ndiponso amene akufuna viniga potsukuluza, supuni yaikulu imodzi mu kapu ya mamililita 250 a madzi yakwana. Soda wophikira ayi, pH yake (muyeso wa kuchuluka kwa asidi) ndi yopitirira 8 pamene tsitsi ndi khungu zimakhala bwino pa 4.5 mpaka 5.5, ndipo imafufumitsa tsitsi kwambiri, zomwe tikuthawazo.


Nyenyezi4C:

Ndathokoza nonse, ndalemba zonse. Kafunso kamodzi katsala. Usiku ndizivala chiyani m'malo mwa pulasitiki, nanga ndingadziwe bwanji kuti laumadi mkati? Kunja limaoneka louma koma ndikamasula twist mkati mumakhala mozizira.


MayiWaSaluni:

Kuzizira kumeneko ndi madzi, achemwali, silinaume. Duku kapena kapu ya satin kapena silika ndi imene muzivala. Imachepetsa kukhuzana ndi pilo koma imalola mpweya kudutsa. Ivalidwe pa tsitsi louma lokha, ndipo ichapidwe sabata iliyonse chifukwa imamwa mafuta n'kuwabwezera pakhungu.

Tsiku lotsuka yambani m'mawa. Ma twist akuluakulu anayi sauma mkati. Pa masentimita 15 pangani 12 mpaka 16, omasuka kumizu kuti mpweya ulowe. Kuti mudziwe, sankhani twist yonenepa kwambiri ya pakati pamutu kapena ya kunkhongo, chifukwa kumeneko ndi kumene kumachedwa. Ikulungeni ndi tishu, finyani chakumizu masekondi khumi. Tishu akatuluka ndi banga la madzi, dikirani. Banga la mafuta limaonekera kuwala ndipo siliuma, la madzi limazimirira pakapita mphindi zochepa. Dzuwa likamalowa tishu akunyowabe, tengani draya wa m'manja pa mpweya wofunda pang'ono, masentimita 15 kuchoka kumutu, muziyendetsa osaima malo amodzi, mphindi 10 mpaka 15, kenako yesaninso twist yomweyo.